Bango Lopitirira Mzere

Mpaka lero, wina akamawotcha udzu wa kudambo, mphepo n'kubweretsa utsiwo pakhonde panga kuno ku Mhuju, ndimasiya chimene ndikuchita, chifukwa fungo limenelo ndi la asekuru anga a Luhanga, bambo awo a mayi anga. Ndimawaona atakhala pa chitsa kuseri kwa khitchini kwathu ku Katowo, phale la makala lili pakati pa mapazi awo, akuyendetsa bango pamwamba pa moto pang'onopang'ono uku akulipotoza ndi zala, mpaka litayamba kutuluka thukuta ndi kununkha ngati chimanga chowauka. Akatero ankalikanikiza pa bondo, n'kuliika pa diso ngati munthu wosuzumira m'botolo, n'kulibwezanso pamoto. Nkhuku zinkapalasa phulusa pambali pawo, mtondo wa amayi unkagunda kumaso kwa nyumba, ndipo kumtunda, kumene munda wathu unkathera m'miyala ya phiri, anyani ankakuwa ngati akutiuza kuti chimene tikukonzacho akuchidziwa.

Pakhomopo ine ndinali Nyaphiri, chifukwa bambo anga anali a Phiri a ku Dedza, kalaliki wa boma amene anatumizidwa ku Rumphi, n'kupezako mayi anga, n'kutisiya kumudzi iwo akugwira ntchito pa boma. Ankabwera mwa apo ndi apo, msewu ukalola. Chichewa ndikulemberachi n'chawo. Asekuru ankayankhula Chitumbuka chokhachokha, ndipo mawu awo amene ali muno ndawatembenuza ndekha, kupatula yewo, zikomo ya Chitumbuka, ndiye wofuna kutsutsa atsutse ine.

Asekuru sankakhulupirira munthu, ndipo sindikukokomeza. Panjira sankalola wina kuyenda kumbuyo kwawo. Mlendo akakhala pakhonde, iwo ankayang'ana manja ake, osati nkhope. Mtengo umene ankasemera mauta awo sanauze aliyense dzina lake, ngakhale ana awo obereka. Pokadula ankanyamuka ngati akulowera kumadzulo, nthambi n'kubwera nayo kuchokera kum'mawa, atasenda kale makungwa kuti wina asaizindikire. Mauta anali nawo awiri, uliwonse wosemedwa ku mtengo umodzi wathunthu, wopanda cholumikiza. Waukulu, wakuda ndi utsi ndi mafuta a m'manja, unali wa anyani ndi nguluwe, ndipo akamaukoka mitsempha ya m'khosi mwawo inkatuluka ngati zingwe. Waung'ono unali wa nkhanga ndi apusi.

Anthu ambiri amayesa kuti muvi ndi muvi basi: ukawongoka, ukakhala ndi chitsulo kutsogolo ndi nthenga kumbuyo, zatha. Asekuru ankati muvi ukamachoka pa nsinga sukhala wowongoka ayi, umayamba wapindika ngati nsomba kuti uzembe thupi la uta, kenako n'kukawongokera m'mwamba. Bango likalimba kuposa mphamvu ya uta, limakana kupindika, limagunda utawo n'kuthawira kumbali. Likafewa kuposa uta, limagwedeza mchira ulendo wonse n'kukagwera kumene lafuna lokha. Ndipo likafewetsa, pa uta ngati waukulu uja, silichoka n'komwe, limathyokera pomwepo, pa dzanja logwira uta. Izi anandiuza kamodzi kokha, akundisonyeza malo ofewa aja a pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala.

"Limalowa apa," anatero.

Ngakhale manja awo omwe sankawakhulupirira. Ankati chala chimanama: m'mawa kukuzizira bango lililonse limamveka lolimba, masana munthu utakhuta lililonse limamveka lofewa. Chimene ankakhulupirira ndi khasu. Pa khoma lozira la kuseri kwa khitchini anakhomapo zikhomo ziwiri, zotalikirana mkono umodzi ndi kachidutswa. Bango likawongoledwa n'kuzizira, lisanapatsidwe chitsulo kapena nthenga, ankaligoneka pa zikhomozo, pakati pake n'kukolowekapo chikhasu chakutha chopanda mpini, cholendewera pa kachingwe ka luzi. Bangolo linkawerama. Pansi pake, pakhomapo, panali mizere iwiri ya khala. Likaima pa mzere wapamwamba, linali la uta waukulu. Likatsikira pa wachiwiri, linali la waung'ono. Likapitirira pamenepo ankaponyera amayi kuti akatsekere mipata ya khola la nkhuku. Louma mtima, lokana kufika ngakhale pa mzere woyamba, ankaliika padera kuti adzalipatse chitsulo cholemera, poti mutu wolemera, ankatero, umaphunzitsa bango kuwerama.

Chimene chinandilowetsa ine pa ntchito ya amunayi ndi maso. Asekuru ankatha kuona nyani atakhala pa mwala kutsidya kwa chigwa n'kukuuza kuti ndi wamkazi ndipo ali ndi mwana pamimba, koma nyerere ikuyenda padzanja lawo sankaiona. Mzere wa khala unawasandukira mthunzi. Anayamba ayesa amalume anga, koma tsiku lina amalume anayankha asanayang'ane, asekuru n'kuwagwira, ndipo sanawaitanenso kukhomako mpaka imfa. Ndiye anasankha ine, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wamanyazi, wosowa mawu. Ndinkagwada, tsaya n'kugunda pakhoma lozizira lonunkha dothi, diso kulunjika pa mzere, iwo n'kusiya chikhasu chija pang'onopang'ono kuti chisagwedeze.

"Lafika?"

"Lafika, asekuru." Kapena, "Lapitirira."

Basi, mawu athu anali omwewo. Panopa ndimaganiza kuti akanatha kukhoma kachikhomo kachitatu pa mzerepo, chala n'kumawauza chokha. Sanakhome chifukwa anali ndi ine. Mwa anthu onse a m'mudzimo, ndine ndekha amene ndinkati ndikanena chinthu iwo osachitembenuzanso kuti aone kunsi kwake. Ndine ndekhanso amene ankandilola kuyenda kumbuyo kwawo popita kumunda.

A Mhango, amene munda wawo unkachita malire ndi wathu, ankakonda kubwera kudzaonerera ndi kuseka. Anali munthu wa njinga ya belu, wa kwaya ya kutchalitchi, wa mawu ambiri. Uta anali nawo, wa malemu bambo awo, koma mivi ankangotola iliyonse, ndipo anyani a kumunda kwawo ankanenepa.

"Inu a Luhanga," ankatero atatsamira njinga, "bango mumalifunsa mafunso ochuluka kuposa amene abusa anandifunsa ine pa ubatizo. Nyani akafika muzimuuza adikire kaye, muvi sunakhoze mayeso."

Asekuru, osadzutsa mutu, ankayankha kuti muvi wa a Mhango unaphapo chinthu kamodzi kokha, ndipo chinali dzungu la akazi awo. A Mhango ankaseka mpaka kupukuta misozi. Chaka chimenecho anapempha mivi itatu. Asekuru anakana, anati mivi yawo inabadwira uta wawo, pa uta wa mwini ikasochera. A Mhango anati chabwino, tsiku lina adzangotenga osapempha, n'kusiyapo yawo, ndipo eni akewo sadzazindikira. Zinali nthabwala chabe. Ndinamva ine, anamvanso asekuru.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka, m'dzinja, chimanga chitachita ndevu, anyani atayamba kutsikira kumiyala ya m'munsi kudzaona ngati chakhwima. Bambo anali atalemba kalata kuti abwera pa lole ya tsiku limenelo, ndipo ndinali ndisanawaone miyezi itatu. Ndinasamba m'mamawa, n'kuvala diresi la kutchalitchi, amayi osandiletsa. Koma asekuru ankafuna mivi khumi ya uta waukulu isanafike sabata yolondera munda. Pofika masana, mabango asanu ndi anayi anali atakhoza. Lakhumi linavuta. Limodzi linapitirira, lina linapitiriranso, lina linakana kuwerama. Lililonse likalephera, ankatsitsa lina kudenga kumene ankaumitsira mu utsi, kulipala, kuliotcha, kuliwongola, kudikira lizizire, nthawi yokwanira munthu kupita kuchitsime ndi kubwerako kawiri. Ine ndinkangoimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso, khutu lili kumsewu.

Akugoneka lachinayi pa zikhomo, hutala ya lole inalira kutali, kumene msewu umatsikira ku sitolo za pa Katowo. Ndinagwada. Bangolo linali lokongola, lachikasu, losalala ngati dzira. Chikhasu chitalendewera, linatsika n'kudutsa mzere woyamba. Linadutsanso wachiwiri. Kenako linaima.

"Lafika?"

Hutala inaliranso, kawiri.

"Lafika, asekuru."

"Yewo, Nyaphiri. Thamanga."

Ndinathamanga. M'lolemo munatsika matumba a mchere, mayi wina wa nkhuku m'dengu ndi aphunzitsi awiri. Bambo munalibe. Ndinadikira mpaka dalaivala atamaliza kumwa tiyi, kuyesa kuti mwina atuluka kuseri kwa matumba. Pobwerera ndinkayenda ndikudziuza kuti ndikafika ndikanena kuti ndinaona molakwa, dzuwa linandithobwa m'maso. Ndinapeza asekuru atayala mabango khumi aja pamphasa, atasakanikirana, asanu ndi limodzi atamangidwa kale zitsulo. Onse anali ofanana ngati mano a chipeso.

Masiku amene anatsatira sindingawafunire mwana wa munthu. M'mawa uliwonse tinkakwera kumunda, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chipanda cha madzi, phodo likulendewera pamsana pawo pamaso panga penipeni, nthenga za nkhanga zikugwedezeka, khumi, ine n'kumaziwerenga ndi kuziwerenganso ngati kuti kuwerenga kundiuza kuti ndi uti. Tikakwera pa nsanja yolonderapo anyani, iwo ankayang'ana kumiyala, ine ndinkayang'ana dzanja lawo lamanzere. Akasolola muvi ndinkatsinzina. Ukalira bwino n'kupita, ndinkapuma, koma kupumako kunali kwa kanthawi, chifukwa ankanditumanso kukautola, n'kuubweza m'phodo, n'kusakanikirana ndi anzake. Ndinayesa kupaka kadontho ka matope pa uliwonse umene wauluka bwino, kuti otsalawo achepe. Madzulo ake ndinawapeza akupukuta mivi yonse ndi kansanza, akung'ung'udza kuti mwana uyu satha kutola chinthu osachidetsa.

Chakudya chinasiya kutsika. Amayi anati ndi njoka za m'mimba, n'kundimwetsa zowawa. Ndikamva nthambi youma ikuthyoka kuseri kwa nyumba, ndinkataya chilichonse chimene ndagwira.

Tsiku lina masana asekuru anapita kumtsinje kukasamba n'kusiya phodo pakhonde, chinthu chimene sankachitachita. Ndinasolola mivi inayi n'kuthamangira nayo ku zikhomo. Chikhasu panalibe, ankachibisa. Ndinayesa mwala, koma mwala sunkadziwa mzere, muvi uliwonse unkangowerama mofanana. Ndili pamenepo ndinamva belu la njinga. Ndinabweza miviyo m'phodo mothamanga n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. A Mhango anaodira, anaodiranso, ndipo posamva yankho anakhala pakhonde kudikira. Munthu wa manja osakhazikika, anaona muvi umodzi utasuzumira, umene ine sindinaulowetse bwino, n'kuusolola, n'kumauyang'ana nthenga akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Asekuru anatulukira pangodya, madzi akudontha m'ndevu, n'kuwapeza choncho. Anangolanda muvi uja, n'kunyamula phodo, n'kulowa nalo m'nyumba.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinangonena. Ndinayesa. Kangapo konse pakamwa panatseguka, panjira, pa nsanja. Koma ndinkakumbukira amalume, mmene asekuru ankawayang'anira ngati khomo lopanda chitseko. Ndilembe bwinobwino apa, poti ndakalamba ndipo wondimenya palibe: mbali ina kunali dzanja lawo, mbali ina kunali kuyenda kumbuyo kwawo kuja, ndipo tsiku lililonse ndinkasankha kuyenda kumbuyo. Ndinkadzinyenga kuti mwina bangolo lipirira, mwina zala ziwiri zimene linapitirira mzere si kanthu.

Zinachitika m'mawa wa nkhungu, sabata yachiwiri. Nyani wamkulu, mtsogoleri wa gulu, anatsika yekha n'kukhala pa chulu cha kumalire, akutiyang'ana ngati mwini munda. Asekuru anatsika pa nsanja mwakachetechete, n'kuzemba m'chimanga, ine pambuyo. Anaima, anasolola muvi osayang'ana, anaukoloweka, anakoka mpaka nsinga inafika pa khutu. Nthawi imeneyo sindinatsinzine, sindikudziwa chifukwa chake. Phokoso lake silinali la muvi wouluka. Linali ngati munthu waponda phesi louma. Theka la kutsogolo linagwera pa mzere wachitatu wa chimanga. Theka la kumbuyo linali litalowa pamalo paja anandisonyeza, n'kutulukira m'chikhatho, nthenga zikunjenjemera.

Sanakuwe. Anayang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, n'kukhala pansi pa mzere, uta uli pamiyendo. Nyani uja anakuwa kamodzi, gulu lonse n'kutsika, ndipo ndikuthamanga kukaitana anthu ndinkamva chimanga chathu chikuthyoka kumbuyo kwanga.

Woyamba kuwapeza anali a Mhango, akupalira kumalire. Anang'amba malaya awo n'kumanga dzanjalo, anakweza asekuru pa kaliyala, n'kukankha njinga m'matope mpaka kuchipatala, ulendo wa theka la tsiku, chifuwa chili pamtunda. Asekuru anakhalako masiku angapo. Atabwerako, bala linali likupola, koma chala chachikulu ndi cha mkombaphala sizinkakumananso. Kapu ankaigwira ndi manja awiri.

Ndipo anati wolakwa ndi a Mhango. Anati munthuyo ananena yekha ndi pakamwa pake kuti adzasinthanitsa mivi, ndipo iwo anamupeza ndi maso awo atagwira phodo. Amayi anawakumbutsa kuti ndi yemweyo anawanyamula. Iwo anati inde, mtima ukamutsutsa munthu amanyamula ngakhale ng'ombe. A Mhango atabwera ndi mkoko wa nthochi kudzazonda, asekuru anatembenuzira mpando kukhoma, nthochi zija n'kubwerera pa njinga. Nkhani inafika kutchalitchi, inafika kuchitsime. Akazi a a Mhango anasiya kupereka moni kwa amayi. Belu lija linasiya kumveka. Ankazungulira njira ya kudambo kuti asadutse pakhomo pathu. Tsiku lina ndinakumana nawo kumeneko ndikuchokera kotunga madzi. Anatsika njinga, munthu wamkulu kutsikira kamwana.

"Nyaphiri, dzanja la asekuru ako likupeza bwanji?"

Ndinati likupola.

"Ndinangouyang'ana nthenga muvi uja, mwana wanga. Sindinatenge kanthu."

Ndinayang'ana pansi. Madzi a m'ndowa ankatayikira m'khosi mwanga. Anadikira pang'ono, kenako anati yewo, n'kukwera, osaliza belu.

Chimene chinamaliza nkhaniyi ndi kusakhulupirira komwe kuja. Asekuru ankafuna kukatula mlandu kwa akulu a mpingo, koma sakanapita opanda umboni, pakuti ngakhale mkwiyo wawo womwe sankaukhulupirira. Lachisanu lina m'mawa anatulutsa chikhasu, anandiitana kukhoma, n'kuyamba kugoneka mivi isanu ndi inayi yotsala ija, umodziumodzi, kuti aone ngati munalowa ina yachilendo. Yonse inaima pa mzere woyamba. Ndinkayankha kuti wafika, wafika, mawu akutuluka ngati a munthu wa chimfine.

Kenako anamasula kansalu m'thumba la malaya. Munali zidutswa ziwiri za muvi wothyoka uja, china chikadali chakuda ndi magazi. Anakhala pa chitsa. Ndi dzanja lamanja anayamba kuchipapasa, kuyambira ku chitsulo. Asekuru anali ndi kamangidwe kawokawo: ankazunguliza nsinga yopyapyala kasanu ndi kawiri, mchira wake n'kuubwezera kunsi chobwerera, n'kumata ndi phula. Chala chawo chinayenda pa mfundozo, chikuwerenga, milomo ikugwedera. Chinafika pamchira paja n'kuima. Anatenga chidutswa cha nthenga, n'kupapasa pokolowekera nsinga, pamene mpeni wawo wogumuka mano unkasiya kachipsera nthawi zonse. Anabwereranso ku chitsulo. Anachita zimenezi nthawi yaitali, nkhuku zikupalasa, mtondo ukugunda kumaso kwa nyumba ngati tsiku lina lililonse.

"Uwu ndinamanga ndine," anatero, akuuza chidutswacho.

Ine ndinali ndikadali chogwada, tsaya pafupi ndi khoma.

"Nyaphiri. Bango lakhumi lija. Linafika?"

"Linapitirira, asekuru."

"Motani?"

"Zala ziwiri."

"Zako kapena zanga?"

"Zanu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa muyezo umene ankauyembekezera. Ndinkadikira ndodo. Ndinkaifuna ndodoyo, ndikuuzeni zoona. Iwo anangokulunga zidutswa zija, n'kundiuza kuti ndikagwire thadzi lofiira. Nditabwera nalo lili m'khwapa, ndinawapeza atavala jekete, ataima pamphambano ya kanjira ka kwa a Mhango. Ndinapita kumbuyo kwawo, pamalo panga. Sanasunthe.

"Tsogola," anatero.

Kwa a Mhango anawapatsa mpando, iwo anakana n'kukhala pansi, munthu wa imvi, pa dothi la pabwalo. Ananena kuti anawanamizira, kuti muvi unali wawo womwe, kuti cholakwa chinali cha pakhomo pawo, ndipo Lamulungu akanena zomwezo pamaso pa mpingo. Dzina langa sanatchule. A Mhango anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, anayang'ananso nkhuku. Anayesa nthabwala, anafunsa ngati thadzilo layesedwa kale pa zikhomo, koma palibe anaseka, ngakhale iwo eni. Anangolandira ndi manja awiri. Pobwerera ndinatsogolanso.

Madzulo a tsiku lomwelo asekuru anazula zikhomo zija ndi dzanja limodzi, n'kuziponya pamoto. Uta waukulu anaumasula nsinga n'kuupachika kudenga, kumene unakhala mpaka nankafumbwe atauboola ufa n'kumagwera pamphasa. Chigawo cha kumtunda cha munda chinasiyidwa. Lero ndamva kuti pamera mitengo. Iwo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Sanandidzudzulepo. Ankandipatsabe mbali yopsa bwino ya chimanga chootcha, ankanditchulabe Nyaphiri, ndipo nditakhoza mayeso anagulitsa mbuzi kuti ndipite kusukulu yogonera. Amayi anamwalira osadziwa kanthu. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'nyumba n'kunena kuti kunja kwayamba mvula, asekuru ankadzuka, kupita pakhomo, n'kutambasula dzanja lopuwala lija kuti madontho aligwere.

Panopa agogo ndine. Anthu kuno amati ndine wovuta, ndipo sakunama. Ndimayang'ana manja a mlendo. Wogulitsa akandiuza kuti mazira ndi a lero, ndimawaika m'madzi iye akuona. Ana anga amati ndinatengera asekuru, koma sakudziwa kuti kusakhulupirira kwanga si kwa mtundu wawo. Iwo ankaopa munthu wa kunja. Ine ndimaidziwa nkhope ya munthu wonama, ndinaivalapo: ndi ya mwana wabwino, wakhalidwe, wokukonda, amene khutu lake lili kumsewu.

Matenda a shuga anandipeza, ndipo maso anga asanduka a asekuru: minibasi ndimaizindikira ikadali kumlatho, koma timizere ta pa jakisoni sindikutiona. Amandikokera mankhwala m'mawa uliwonse ndi mdzukulu wanga Tiwonge, namwali womaliza fomu folo, amene sanandinamizepo ngakhale pa chinthu chaching'ono. Koma foni yake imalira, ndipo kuli mnyamata wina wa njinga yamoto amene amaliza hutala pamsewu nthawi yomweyo ya jakisoni, kawiri. Ndinkati ndikafunsa ngati mankhwala afika pa mzere, iye n'kuti afika, agogo, ndinkamuuza kuti akayang'anenso padzuwa. Akabwera, ayang'anenso kachitatu. Tsiku lina anaika jakisoni pa mbale, misozi ili m'maso.

"Agogo, ndinakunamizanipo liti ine?"

"Sunandinamizepo."

"Nanga?"

Pakamwa panatseguka, ngati panjira ya kumunda paja, mawu osatuluka. N'chifukwa chake ndalemba izi, awerenge yekha.

Mwezi watha ndinatsikira kudambo, n'kudula bango, n'kuliumitsa pamwamba pa moto. Ndinapita nalo kuchipatala. Anesi anakoka mankhwala mpaka pa mzere wanga, ine n'kudula kachidutswa kotalika ndendende ngati mpini wa jakisoni pamene watulukira, iwo n'kuyesa katatu, akuseka kuti agogo abweretsa zakumudzi. Ndicho chikhomo chachitatu chimene asekuru sanakhome. Tsopano Tiwonge akati afika, ndimagoneka kabangoko pambali pa mpini, chala n'kundiuza chokha. Iye amayesa kuti ndikufuna kumugwira. Sakudziwa kuti ndikumulanda katundu amene ine ndasenza zaka makumi asanu ndi limodzi, kuti tsiku limene hutala idzalire iye n'kuyankha asanayang'ane, lidzangokhala tsiku wamba.

Lero m'mawa hutala yalira kawiri. Ndinamuona akuyang'ana kuzenera.

"Yewo, Tiwonge," ndinatero. "Thamanga."

Anathamanga. Ine ndinatsala pakhonde ndi jakisoni padzanja ili, kabango padzanja ilo, ndipo ndisanabaye ndinayezanso kachiwiri.